Gudumu Silinama

Ana anga, inu anyamata amene mwadzaza misewu ya dziko lino ndi njinga zamoto, ena pa ntchito ya kabaza, ena ponyamula matumba a makala ndi nkhuku za kumsika, enanso poyendera abale kumudzi, takhalani pansi pang'ono mutchere khutu, pakuti ine amene ndikulankhula nanu ndinamera imvi ndili pa chishalo cha njinga yamoto, masiku amene ndinali mlangizi wa zaulimi woyendera midzi ya kumapiri a Dedza ndi kuchigwa cha Golomoti. Ndipo ngakhale lero maso achita chidima, mawondo nawo akukana kudumphira chishalo, manja awa sanaiwale zimene anaphunzira.

M'mawa uliwonse, ndikamadutsa pamphambano pomwe mumaimika njinga zanu podikira okwera, inu mumayesa kuti nkhalambayi ikuyenda chowerama chifukwa cha msana. Koma kunena zoona ndimakhala ndikuyang'ana matayala anu, ndipo zimene ndimaona zimandidetsa nkhawa. Magalasi apukutidwa, thanki ikunyezimira, pachishalo mwayala nsalu ya mphonje. Koma pansi, pomwe pakhazikika moyo wanu pamodzi ndi wa mayi wobereka khanda amene wakhala kumbuyo kwanu, pali tayala losalala ngati dazi, ulusi wake uli pamtetete. Galimoto ili ndi miyendo inayi, ndipo umodzi ukapunduka itatuyo imaichirikiza kufikira itaima. Koma njinga yamoto imagunda nthaka pa timalo tiwiri tokha, kalikonse kosaposa chikhato cha dzanja, ndipo pa timalo timeneti ndi pomwe mumakhotera, mumamangira mabuleki, ndi kudutsira matope a mwezi wa Januwale.

Ndikudziwa chimene mudzandiyankhe: mudzati ndalama zavuta, mafuta akwera, mwini njinga akufuna yake madzulo aliwonse, ndipo tayala latsopano likudya phindu la masiku ambiri. Sindikutsutsa, pakuti umphawi si tchimo. Koma pali kusunga ndalama kwa nzeru, palinso kuumira kumene kumakumba manda. Ndipo chimene ndifuna kukuphunzitsani n'chakuti, ndalama imene mukadalipira wina kuti akuchotsereni ndi kukuikirani tayala muisunge pogwira ntchitoyo ndi manja anu, kuti muiwonjezere pa mtengo wa tayala labwino ndi chubu chatsopano. Sindikunena izi kuti ndiwalande nsima abale athu amene amamata matayala pansi pa mtengo wa mango, iyayi. Ntchito zowakwanira zilipo zambiri. Koma tsiku lina tayala lidzakuphwerani pamsewu wokhotakhota wa Khwekhwelele dzuwa litapendeka, pomwe palibe msika kapena wokonza, ndipo tsiku limenelo mudzadalira zimene zili m'mutu mwanu ndi m'thumba la zida zanu.

Musapeputse chinthu chimene mukuchigwira, pakuti chili ndi mbiri yake. Amene anatchukitsa tayala lopopa mpweya anali John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Scotland amene ankakhala ku Belfast, ndipo anachita zimenezi m'chaka cha 1888 pofuna kuti kanjinga ka mwana wake kasamagwedeze mafupa pamiyala. Matayala oyambawo ankamatidwa ku gudumu ndi ulimbo, kotero kuti likabooka, munthu ankataya maola ochuluka asanayambenso ulendo. Ndipo anali abale awiri a banja la Michelin, a ku France, amene m'chaka cha 1891 anakonza tayala loti munthu n'kulichotsa ndi kulibwezera yekha m'mbali mwa msewu. Tsono taonani, tayala linapangidwa dala kuti mwini wake azitha kulivula ndi kuliveka. Ndipo mphira umene umalowa m'zinthu zotere si wachilendo kwa ife, pakuti aliyense amene anadutsa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay anaiona mitengo yotemedwa mizere m'makungwa, utomoni woyera ukudonthera m'timakapu.

Nzeru yoyamba imayambira m'sitolo, ndalama isanachoke m'thumba. Pakhoma la tayala lililonse palembedwa mbiri yake, ndipo safunsa anadya phula. Mukaona manambala onga 2.75-17 kapena 3.00-18, dziwani kuti yoyambayo ikunena za kutambalala kwa tayala m'mainchesi, ndipo yachiwiriyo ikunena za kukula kwa limu imene tayalalo liyenera kuvala. Tayala la 17 silikhala pa limu ya 18, ngakhale wogulitsa atalumbira pali mayi ake. Funaninso manambala anayi amene amakhala m'kabwalo kakang'ono kotalika ngati dzira: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayalalo linatuluka m'fakitale, kotero kuti 2322 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Mphira umakalamba ngakhale usanaponde msewu. Umauma, umalimba, n'kuyamba ming'alu, ndipo tayala limene lapitirira zaka zisanu liyenera kuyang'anidwa ndi diso lokayika. Chenjerani ndi matayala akale opakidwa polishi kuti aoneke atsopano, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pindani khoma lake ndi zala, ndipo mukaona timing'alu ngati ta chidendene cha m'chilimwe, lisiyeni pomwepo.

Zida za ntchitoyi si zambiri, ndipo mukazigula kamodzi zidzatumikira inu ndi ana anu. Mufunika masipanala okwana manati a ekiselo, zitsulo ziwiri kapena zitatu zophwatalala zokhala ndi milomo yosalala zotsegulira tayala, kachitsulo kotulutsira mtima wa valavu, pampu, geji yoyezera mpweya, choko, beseni la madzi a sopo, ndi paudala uja amayi amathira makanda. Ngati zitsulo zotsegulira zikudula, wosula zitsulo angathe kukusulirani kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, malinga apale milomo yake mpaka isalale ngati supuni. Koma sikuludilaivala ndi mpeni musazifikitse pafupi, pakuti ndizo adani a chubu. Musapakenso oilo, girisi kapena petulo pofuna kuti tayala literere. Zimenezi zimadya mphira, ndiponso oilo ndi girisi sizimauma, kotero kuti tsiku lomanga mabuleki mwadzidzidzi tayala limatsetsereka pa limu n'kuzula valavu ya chubu. Madzi a sopo amaterera pa nthawi yake, kenaka amauma n'kusiya tayala litagwira.

Sankhani malo oyera ndi osalala, musese mchenga, muyale chiguduli, ndipo tayala latsopanolo muliike padzuwa kuti lifewe pamene mukuchotsa gudumu. Masulani nati ya ekiselo njinga ikadali pansi, kenaka muiimike pa sitandi yapakati ndi kuichirikiza ndi chipika kuti isagwe. Ngati ndi gudumu la kumbuyo, masulani kachitsulo kokoka buleki ndi mkono umene umagwira mbale ya mabuleki, mufewetse tcheni, ndi kusolola ekiselo. Chilichonse chimene mwachotsa, kaya washa, kaya kampope kachitsulo kodzaza mpata pa ekiselo, chiyaleni pansalu motsatana monga chinatulukira, cha kumanja kumanja, cha kumanzere kumanzere. Pakuti munthu amene amaunjika zonse m'chipewa amatsala ndi chitsulo chimodzi m'manja ntchito itatha, osadziwa kwawo kwake. Gudumu muligoneke pa matabwa awiri kapena pa tayala lakale la galimoto, kuti mano a tcheni kapena chimbale cha buleki zisapindike.

Tsopano ndifika pa chinsinsi cha ntchito yonseyi, chimene ine ndinachiphunzira ndi manyazi. Tsiku lina ndili mnyamata, tayala la kumbuyo linandiphwera nditangotsika phiri, ndipo ndinaikankha njingayo mpaka pamsika wa Golomoti, pomwe ndinagula chubu ndi ndalama yanga yomaliza ya chakudya. Pokhala wophunzira sukulu, wovala nsapato ndi kabudula wa kaki, sindinafune kufunsa munthu. Ndinalimbana ndi tayalalo ndi mphamvu zanga zonse, thukuta lili kamukamu, kufikira linalowa. Koma nditapopa ndinangomva mpweya ukulira kuti fyiii, pakuti chitsulo changa chinali chitatsina chubu chatsopanocho pawiri. Mkulu wina wokonza njinga zakapalasa, amene ankandionerera ali chete pa kampando kake, anadzuka pang'onopang'ono, namata mabalawo, ndipo pobwezera tayala sanayang'ane n'komwe pomwe ine ndinkalimbanapo. Anaponda ndi chidendene mbali ya kutsidya, ndipo mbali yovuta ija inalowa ndi kachitsulo kamodzi, mopanda phokoso. Atatero anandiuza kuti, “Achimwene, tayala silimvera mphamvu. Mukaona kuti kuno lakana, dziwani kuti mlandu uli uko.”

Tanthauzo la mawu amenewa ndi ili. M'milomo iwiri ya tayala muli waya wachitsulo amene satamuka, ndipo kuzungulira kwake n'kochepa kuposa mphepete mwa limu. Mukadakhala kuti mulibe njira ina, palibe munthu akadaliveka. Koma pakati pa limu pali ngalande yozama, momwe muli mitu ya masipoko, ndipo mlomo wa tayala ukatsikira m'ngalande imeneyi mbali imodzi, mbali inayo imapeza mpata wokwera pamwamba pa mphepete. Choncho potulutsa, yambani mwachotsa mtima wa valavu kuti mpweya wonse uthe, mumasule kanati ka valavu, mupondeponde khoma la tayala kuzungulira konse kufikira milomo yake itanyamuka pa limu. Kenaka mugwade ndi bondo pa mbali yoyang'anana ndi valavu kuti mlomo ulowe m'ngalande, ndipo zitsulo zanu muziyambire pafupi ndi valavuyo, mukutenga pang'onopang'ono, osaposa kutalika kwa chala pa nthawi imodzi. Mbali imodzi ikatuluka, sololani chubu, muimike gudumu, ndi kukankha mbali yotsalayo.

Limu ikakhala pambalambanda, musathamangire kuiveka. Ipaleni dzimbiri, pakuti dzimbiri limanyeka chubu ngati tupa. Onani lamba wa mphira amene amaphimba mitu ya masipoko. Ngati wang'ambika, dulani wina kuchokera ku chubu chakale, mubowole pa valavu, ndipo simunawononge ngakhale tambala. Gogodani masipoko limodzilimodzi ndi sipanala: lomangika bwino limalira mokweza, lolefuka limangoti phu, ndipo lotero liyenera kukungidwa pang'ono. Ngati mukubwezera tayala lomwelo chifukwa linangobooka, yendetsani nsalu m'kati mwake kuti mupeze msomali kapena munga umene unachimwa, popeza amene amamata chubu n'kusiya munga m'tayala ali ngati munthu wokolopa m'nyumba denga likudontha. Pomata, palani pabalapo, mupake guluu wochepa, mudikire aume mpaka asamamatirire chala, ndipo pokhapo muike chigamba ndi kuchitsindika. Koma chubu chong'ambika motalika, chobooka patsinde pa valavu, kapena chokhala kale ndi zigamba zambiri, chapuma pantchito. Chiduleni malamba omangira katundu. Tayala latsopano lipatseni chubu chatsopano, makamaka kutsogolo, pakuti chakale chinatamuka ndipo chimapindika m'kati n'kudzicheka chokha.

Poveka, funani muvi umene uli pakhoma la tayala, muuloze kumene gudumu limazungulira njinga ikamapita kutsogolo. Matayala ena ali ndi kadontho ka utoto, kawirikawiri kachikasu, kosonyeza pomwe tayalalo lapepuka. Kadontho kameneka kakhale pa valavu, popeza chubu chimalemera pamenepo. Pakani sopo m'milomo, mulowetse mbali yoyamba, ndipo chubu muchithire paudala ndi kuchipopa pang'ono chabe, kuti chingotenga thupi, pakuti chubu chophwa chimakwinyika n'kudzilowetsa pansi pa chitsulo. Lowetsani valavu pabowo lake, mugwiritse kanati ndi mano awiri okha, muyale chubu m'kati mopanda kupota. Mbali yachiwiri muiyambire kutsidya kwa valavu, ndi manja ndi zidendene, uku ndi uku mofanana, bondo likusunga mlomo m'ngalande, kufikira patatsala kachigawo kakang'ono pafupi ndi valavu. Pamenepo kankhirani valavu m'kati pang'ono kuti tsinde lake lisapanidwe, ndipo mumalize ndi chitsulo, osachilowetsa mozama, osachipendeketsa kupitirira poima chilili.

Popani mpweya, ndipo muyang'ane kamzere kopyapyala kamene kazungulira tayala pafupi ndi mphepete mwa limu: kayenera kuoneka mofanana kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Ngati pena kabisala, phwetsani, mupake sopo, mupopenso. Muyeso wa mpweya musauyeze ndi chala chachikulu kapena pomenya ndi phazi. Wopanga njinga anaulemba pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kapena m'buku la njingayo, ndipo uyezedwe ndi geji m'mawa matayala asanatenthe. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri umakhala pafupi ndi 25 psi kutsogolo, ndi pakati pa 28 ndi 32 kumbuyo malinga ndi katundu. Mpweya wochepa umatenthetsa tayala, umadya mafuta, ndipo umatsinitsa chubu m'maenje. Wochuluka umadya tayala pakati pokha ndi kuchepetsa kugwira kwake pamsewu. Pakani thovu la sopo pakamwa pa valavu kuti muone ngati ikutuluka mpweya. Kanati ka valavu musakamange mpaka pa limu. Kasiyeni m'mwamba pafupi ndi kachivindikiro, kuti tayala likayamba kutsetsereka, valavu ipendekeke n'kukuchenjezani isanazuke.

Yatsala ntchito imene ambiri a inu simunaionepo, imene akumagalaja amati kubalansa, ndiko kulinganiza kulemera kwa gudumu kuti pasakhale mbali yoposa inzake. Gudumu la 17 limayenda pafupifupi mamita 1.8 likazungulira kamodzi, kotero kuti pa liwiro la makilomita 60 pa ola limazungulira pafupifupi ka 9 pa sekondi iliyonse. Ndipo ngati mbali imodzi yalemerako ngakhale pang'ono, mbali imeneyo imamenya msewu ngati nyundo nthawi zonsezo, chiwongolero n'kumanjenjemera, manja kuchita dzanzi, tayala kutha mwa zigambazigamba, ndi mabering'i kufa msanga. Sindikunamizani: amene amangoyenda pang'onopang'ono m'tinjira ta m'mudzi sangamve kusiyana kwenikweni; koma inu amene mumathamanga pa tala wa M1 ndi M5 mudzakumva m'mapewa mwanu, makamaka pa gudumu la kutsogolo.

Makina a ntchitoyi muli nawo kale m'nyumba. Tengani mipando iwiri yofanana msinkhu, kapena milu iwiri ya njerwa, mulowetse ekiselo m'gudumu popanda mbale ya mabuleki, ndi kukhazika nsonga za ekiselo pa mipandoyo kuti gudumu lilendewere pakati osakhudza kanthu. Chotsani matope onse ouma pa limu, pakuti nawonso ndi katundu. Lizungulitseni pang'ono, muchotse dzanja, ndipo mudikire. Lidzapita, lidzabwerera, lidzazengereza ngati mkamwini pakhomo pa apongozi, ndipo potsiriza lidzaima mbali yolemera ili pansi. Lembani choko pamwamba penipeni. Bwerezani katatu kapena kanayi, mukugogoda ekiselo pang'ono ndi sipanala kuti mabering'i asagwire. Ngati nthawi iliyonse likuima pamalo osiyana, yamikani Mulungu, gudumu lanu lili bwino. Koma ngati choko chikubwerera pamwamba nthawi zonse, pamenepo ndiye popepuka, ndipo pafunika kuwonjezera kulemera. Kulungani waya wofewa wa mtovu, uja amalumikizira nthambo za wailesi, pa sipoko la pachokocho kufupi ndi limu, muyambe ndi wochepa, ngati magalamu 5. Tembenuzani gudumu kuti choko chiloze cham'mbali, muchotse dzanja. Chikakwera, wonjezerani waya. Chikatsika, mwachulutsa, dulaniko. Chikaima pomwe mwachisiya, mwatha. Finyani wayayo ndi pulayazi, mumukulunge ndi tepi yakuda, ndipo musambe m'manja musanadye, chifukwa mtovu ndi poizoni. Mukaona kuti gudumu likufuna waya wochuluka kwambiri, phwetsani tayala, mulitembenuze theka pa limu pamene chubu chili pamalo pake, muyesenso.

Ntchito imeneyi siifuna mphamvu kapena ndalama, koma mtima wodikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkaikonda chifukwa gudumu lolendewera pa mipando ndi sikelo imene palibe angainyengerere. Malembo Oyera amadzudzula amalonda a miyeso yachinyengo, ndipo tonse tinawaonapo ogula mbewu amene sikelo zawo zimapendekera kwa mwini. Koma gudumu silidziwa mwini, silidziwa kuti mwachedwa, silimva kuti okwera akudikira pamphambano. Pomwe lalemera lidzakuuzani, ndipo mukaligwira ndi dzanja kuti liime pomwe mukufuna inu, mwadzinamiza nokha, ndipo msewu udzaulula.

Pobwezera gudumu, tsatani zija munayala pansalu mobwerera m'mbuyo. Onani kuti zizindikiro za zokungira tcheni zafanana mbali zonse ziwiri kuti gudumu liongoke, tcheni isiyireni mpata woseweramo wa masentimita 2 kapena 3, mumange nati ya ekiselo zolimba, ndipo ngati ili ndi kapini kotsekera, musaikepo msomali kapena kusiya pululu. Bwezerani mkono wa mbale ya mabuleki, pakuti ambiri avulala chifukwa choiwala bawuti imodzi imeneyi. Musanalize injini, pondani ndi kufinya mabuleki kangapo mpaka muwamve kuti agwira. Tayala latsopano limaterera masiku oyamba. Liyendetseni mofatsa makilomita 150 oyambirira, osagoneka njinga pokhota, osamanga mabuleki mwaukali. M'thumba la zida musasowe chubu chapadera, zigamba ndi pampu, kuti musafanane ndi anamwali aja amene nyali zawo zinazima pakati pa usiku chifukwa sanatenge mafuta.

Ndipo tsiku limene mizere ya tayala idzafike pa timabampu tobisika m'ngalande zake, timene opanga amatilozera ndi zilembo za TWI kapena kamuvi pakhoma, musayambe kukambirana nalo, musalidulenso mizere ndi mpeni wotentha monga ndaonera ena akuchita. Muzisunga kandalama kochepa tsiku lililonse m'chitini cha tayala, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo pamene mukugwira ntchitoyi pakhomo Loweruka masana, muitane mphwanu agwire sopo ndi choko, aone pomwe bondo lanu lagwada. Mawa m'mawa ndidzadutsanso pamphambano panu, ndodo m'manja, mutu uli pansi monga mwa masiku onse. Mukadzandiona ndaima pa njinga yanu n'kuweramuka kuti ndikupatseni moni, mudzadziwe kuti matayala anu andikondweretsa.